Wotsanzika Sajomba

Kalatayo inati mdzukulu wanga wajomba kusukulu milungu itatu popanda chifukwa chodziwika. Mwana wanga atandimasulira mawu amenewo, ndinamuuza kuti awerengenso, mwina maso ake adumpha mzere. Anawerenganso, ndipo mawu anali omwewo: kujomba. Ineyo ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, n'kuyenda m'mvula kukatsanzika kwa ahedi pamaso ndi pamaso, lero akuti mwana wajomba! Wojomba ndi uja amachoka pakhomo ndi mabuku n'kukathera m'munda wa nzimbe wa eni. Wotsanzika sajomba. Chaka chapita chichitikire izi, koma ndikakumbuka, tiyi amandiwawa m'kamwa.

Ine kusukulu sindinapondeko. Dzina langa ndimalidziwa likatchulidwa, likalembedwa ndi mizeremizere chabe. Amene akulemba mawu angawa ndi mwana wanga yemweyo, ndipo tapangana kuti alemba zonse, ngakhale pamene pakumutchula iyeyo moipa.

Timakhala ku Govanhill, kuno ku Scotland, m'nyumba zamiyala zosanjikizana zija, ife pamwamba penipeni, kumene mawondo anga amafika akudandaula. Mwana wangayo ntchito yake ndi ya pakompyuta, amagwirira m'chipinda chake momwemo atatseka makutu ndi zomvera. Mkamwini amakonza makina amphepo opanga magetsi kunyanja, ndipo amabwera patapita milungu. Ndiye pakhomo timakhala atatu: ine, mwana wanga, ndi mdzukuluyo, mtsikana amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mdzukulu wanga ali ndi chibwibwi. Mawu amafika pakhomo la kamwa n'kukakamira, ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Pakhomo timadikira, mawuwo amatuluka okha. Amandiyankha theka Chichewa, theka Chizungu cha kuno chothinana chija. Ndikati, "Wadya?" iye, "Aye, agogo." "Aye" wa kuno ndiye eya wathu. Aphunzitsi ake sanali ankhanza, bodza sindinena. Koma m'kalasi ya ana ambirimbiri ndani angadikire mawu a mwana mmodzi? Tsiku lina ankawerenga mosinthana, itafika nthawi yake liwu linamugwira pakhosi, anzake anayamba kumuyeseza. Kuyambira pamenepo kusukulu anatseka pakamwa. Kunyumba ankangoti m'mimba, m'mimba, m'mawa uliwonse. Kawiri konse anasanza pamasitepe a tonse, ine n'kuthamanga ndi ndowa anansi asanatsike.

Mayi ake anapita kusukuluko kangapo, anakambirana, anayesa izi ndi izo. Mwana ankangouma. Tsiku lina Lamlungu titabwera kutchalitchi, mwana wanga anati, "Amayi, ndaganiza. Mwanayu ndizimuphunzitsa ndekha pakhomo. Ndisintha nthawi ya ntchito, m'mawa ndizikhala naye ine, masana inu."

"Boma limalola?"

"Limalola. Ndawerenga pafoni. Umangodziwitsa asukulu, basi."

"Ndiye upita liti kukawadziwitsa?"

"Kupita chani? Ndidzawatumizira imelo."

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu, ndinamubala ndekha. Anthu akulerera mwana zaka zinayi, amumina mamina, amuvala jekete pozizira, iwe n'kumuchotsa m'manja mwawo ndi kalata ya pafoni? Ngakhale wobwereka khasu amabweza yekha n'kuthokoza. Kwathu ukachoka pamudzi wa eni osatsanzika, amati waba chiyani. Ndinati, "Imelo yakoyo isunge. Ndipita ine."

"Amayi, Chizungu chake mukachipeza kuti?"

"Pakamwa ndibwereka."

Pakamwa pamene ndinabwereka panali pa mayi wina wa kumvano kwathu, mnzanga wokhala ku Gorbals, dera lina la mzinda womwe uno, amene amasamalira okalamba. Chizungu chake n'cha kuntchito, amachilankhula mwachangu ndiponso mopanda mantha. Lachisanu tinanyamuka, ine nditanyamula mandasi m'chitini cha mabisiketi, mdzukulu ali pakati pathu. M'njira ndinamuuza kuti, "Lero ndi lomaliza. Tikatsanzika, sudzabwereranso kumeneku." Anandigwira dzanja mpaka zala zinachita dzanzi.

Ahedi anali mzimayi wamtali wa imvi, anatilandira bwino, anatipatsa mipando. Ine ndinayamba monga amayambira anthu. Ndinathokoza chifukwa cholera mwana. Ndinati ngati analakwa penapake amukhululukire, ndi mwana. Kenaka ndinati, "Tabwera kudzatsanzika. Mwanayu tikumutenga, azikakhala kunyumba."

Mnzanga anatembenuza. Ine ndinangomva liwu limodzi lomwe ndimalidziwa, lakuti "home". Ahedi anatukula nsidze, anafunsa kanthu, anatchula Malawi. Ndinamwetulira n'kugwedeza mutu, poti ndinkayesa akufunsa kumene timachokera. Azungu a kuno amakonda kufunsa zimenezo, ambiri ali ndi m'bale amene anapitako. Anawerama kwa mdzukulu, anamusisita paphewa, analandira chitini changa ndi manja awiri. Anaimirira n'kundigwira chanza.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti muyende bwino. Za mapepala mayi ake adzalembera kuofesi."

Muyende bwino. Tsono inu amene mukuwerenga, ndiuzeni: munthu ukatsanzika, mwini nyumba n'kukuuza kuti muyende bwino, chatsala n'chiyani? Si ndiye wakumasula? Akanakhala ndi mawu, pamenepo ndi pamene akananena kuti takhalani kaye pansi. Mdzukulu anamva zonse, Chichewa ndi Chizungu chomwe, ndipo anaona pamene nkhani inakhotera. Koma kusukulu anali atatseka pakamwa, ndiponso mwana wanji angaitane anthu kuti abwerere pamene chitseko chatseguka?

Nditafika kunyumba, mwana wanga anachotsa chomvera khutu limodzi.

"Ndatsanzika," ndinatero. "Avomera."

"Avomera?"

"Ndi manja awiri. Akuti za mapepala n'zapambuyo."

Anapuma mpweya waukulu n'kubwezera chomveracho. Imelo ija sanalembe. Lemba pamenepo, iwe, usadumphe: sanalembe.

Milungu itatu yotsatira inali yokoma. M'mawa mayi ndi mwana pathebulo la kukhitchini, masamu ndi kuwerenga. Masana ine ndi iye kupita kokagula zinthu, kupaki, kulaibulale kumene iye ankandiwerengera mabuku a zinyama ine n'kumamutsutsa za fisi. M'mimba muja munatha ngati wachotsa ndi dzanja. Yunifomu yake, majuzi awiri, masiketi ndi tayi, ndinachapa, ndinasita, ndinakapatsa mnzanga uja, poti ali ndi mdzukulu wocheperapo amene sukulu yake imavala mtundu womwewo. Ndinapereka pamaso pa amayi a mvano, iwo anaimba m'manja.

Tsiku lina tili m'sitolo ya Amwenye tikusankha therere, tinakumana ndi mayi wa muofesi ya sukulu ija. Anadabwa, anaseka, analankhula zambiri, ndinamvanso Malawi. Ine monga mwa nthawi zonse ndinati, "Fine, thank you." Mdzukulu anali chiimire ngati mtengo. Titatuluka ndinamufunsa kuti amati chiyani.

"Amafunsa kuti t-t-tabwerako liti."

"Kuti?"

Ananyamula jumbo la therere n'kutsogola. Patapita masiku ochepa kalata ija inagwa pachitseko.

Mwana wanga anaimba foni kusukulu ali chiimire, ine ndikumuyang'ana nkhope ikusintha. Atamaliza anakhala pansi n'kugwira mutu.

"Amayi, munakanena chiyani kwenikweni?"

"Ndinati mwana tikumutenga azikakhala kunyumba."

"Ahedi anamva kuti mukupita naye kumudzi! Ku Malawi! Akhala akudikira kalata yanga yonena tsiku lonyamuka ndi sukulu imene akukalowa. Pano akuti tinawanamiza kapena chiyani, mwana akuoneka m'sitolo."

"Ine ndinati kunyumba. Kumudzi ndi kumudzi, kunyumba ndi kunyumba."

"M'Chizungu liwu lake ndi limodzi, amayi."

"Ndiye Chizungucho n'chosauka. Anthu a nyumba zazitali chonchi, alibe mawu awiri osiyanitsa pogona ndi pobadwira?"

"Safunsa anadya phula, amayi."

"Phulalo tadya awiri. Imelo ija ili kuti?"

Anatsegula kompyuta, anawerenga nthawi yaitali, kenaka anayankhula ndi mawu aang'ono. Zimene anawerenga poyamba paja, zoti umangodziwitsa asukulu, zinali za ku England. Kuno ku Scotland lamulo ndi lina. Mwana amene analowapo kale sukulu ya boma sungamuchotse pongonena. Uyenera kulembera akhonsolo kupempha chilolezo, kufotokoza mmene udzamuphunzitsire, n'kudikira yankho, mwina mpaka milungu isanu ndi umodzi. Ahedi, ngakhale akanamva bwinobwino, analibe mphamvu yotimasula. Ndipo kufikira chilolezocho chitabwera, dzina la mwana likadali m'kaundula wa sukulu, tsiku lililonse limene sakuoneka likulembedwa kuti wajomba. Zikachuluka, makolo amaitanidwa kukayankha.

Dziko limodzi, mfumu imodzi, ndalama imodzi, koma malamulo a mwana awiri! Ndiye munthu amene amamuona mwana tsiku ndi tsiku, amene akudziwa kuti wasiya kulankhula, alibe mawu, koma mawu ali ndi wina wa muofesi amene sanamuonepo n'kamodzi komwe. Mwana akanakhala kuti sanalowepo sukulu, akuti sitikanapempha kwa wina aliyense. Ndiye kulakwa kwathu kunali kumupititsa kusukulu poyamba paja? Ndinafunsa zonsezi, mwana wanga anangoti, "Amayi, ine sindine khonsolo."

"Nanga Lolemba?"

"Lolemba apite."

Panalibe yunifomu.

Pa zonse zimene ndinachita m'dziko lino, palibe chinandichotsa ulemu ngati ulendo wa ku Gorbals Loweruka limenelo. Kukwera basi kukalanda chimene ndinapereka anthu akuimba m'manja. Mwana wanga anati tigule ina, ine ndinakana: kugula yatsopano kunali ngati kuvomera kuti mwana wabwerera mpaka kalekale. Ndinagogoda, mnzanga anatsegula, ndinafotokoza maso ali pansi.

"Achemwali, ine ndinanena zimene munanena," anatero. "Munati kunyumba, ine ndinati home."

"Atatchula Malawi simunamve?"

"Ndinamva. Koma inu munagwedeza mutu! Ndinati mwina pali ulendo umene simunandiuze. Anthu a kuno ulendo wa kumudzi mumabisa ngati mimba."

Tinaseka pang'ono, kuseka kowawa. Anakavula mdzukulu wake juzi imene anali atavala nthawi yomweyo, ikadali yofunda, n'kundiikira m'jumbo. Kamwanako kanandiyang'ana mpaka ndinatuluka.

Lolemba m'mawa mdzukulu wanga anaona yunifomu pabedi. Sanalire. Anavala yekha, anamanga tayi, anabwera kukhitchini, anaima pamaso panga. Liwu linamugwira nthawi yaitali, ine ndikudikira monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo ndinkalakalaka lisatuluke.

"Agogo, munati t-t-tatsanzika."

Ndakalamba chonchi sindinanamizepo mwana. Ndikati mankhwala ndi owawa, ndi owawa. Ndikati ndibwera, ndimabwera. Tsiku limenelo pepala limene sindingathe n'kuliwerenga komwe linandisandutsa wabodza pamaso pa mdzukulu wanga. Ndinamuperekeza mpaka pageti. Pobwerera ndinapeza masanzi pamasitepe achiwiri, amene anachita ine ndikutseka chitseko, osandiuza, ine n'kuwadutsa osawaona.

Kalata yopita kukhonsolo inatenga masiku atatu kulemba. Mwana wanga ankandiwerengera zimene akhonsolo amafuna kudziwa, ine ndikuyankha ndili kusinki. Mwana adzaphunzira chiyani? Adzagwiritsa ntchito mabuku ndi zipangizo zanji? Adzakumana bwanji ndi ana anzake? Thupi adzalilimbitsa bwanji? Mwana mwini wakeyo akuti bwanji? Mafunso ena anali anzeru, sindikana. Koma onani: nthawi yonse imene mwana ankauma ngati chimanga cha m'chilala, palibe anatilembera kufunsa kuti akusewera ndi ndani. Tsopano wayamba kuseka, ndi pamene akufuna ndondomeko ya kuseka kwakeko papepala.

Anamaliza masamba anayi. Ndinati andiwerengere onse m'Chichewa. Anawerenga za masamu, za laibulale, za kusambira Lachitatu, za gulu la makolo ena ophunzitsa ana pakhomo limene limakumana ku Springburn, za Sande sukulu. Anafika kumapeto.

"Nanga masana?" ndinafunsa.

"Ndalemba kuti masana azichita ntchito zimene ndamusiyira, pali munthu wamkulu womuyang'anira."

"Munthu wamkuluyo alibe dzina?"

"Amayi, mvetsani. Akaona kuti theka la tsiku ali ndi munthu wosadziwa kuwerenga, akhoza kukana. Mukufuna akhale kusukulu kuja mpaka liti?"

Chifukwa cha mwana ndinalola kukhala munthu wamkulu wopanda dzina, ngati mpando.

Kalata inapita. Mlungu woyamba zii. Wachiwiri kunabwera yankho loti alandira. Mwana m'mawa uliwonse yunifomu, geti, masana kubwera ndi chakudya chake chosakhudza. Ahedi, atamva nkhani yonse, analola kuti asamawerengenso pamaso pa anzake, koma pakamwa pake panali patatsekeka kale, ndipo tsopano panayamba kutsekekanso kunyumba. "Aye, agogo" uja anasowa. Ankangogwedeza mutu. Mlungu wachitatu kunabwera foni: mayi wina wa kukhonsolo woona za maphunziro a pakhomo akufuna kucheza nafe, kaya kuofesi kwawo, kaya kulaibulale, kaya kwathu ngati tifuna. Mwana wanga anati abwere kunyumba, aone okha thebulo ndi mabuku.

Tsikulo anakolopa ngati kukubwera apongozi. Anapachika mapu pakhoma, amene dzulo lake kunalibe. Kenaka anandiuza kuti, "Amayi, inu mukapereka moni, mukakhale kuchipinda. Ndikuitanani akapita."

"Ndibisale?"

"Sikubisala. Kungopuma."

"Ndatopa ndi chiyani?"

"Amayi, chonde."

Mayi wa kukhonsoloyo anali wamfupi, wonenepa, tsitsi litanyowa ndi mvula, akupuma wefuwefu chifukwa cha masitepe athu. Ndinapereka moni, ndinalowa kuchipinda, ndinakhala pabedi. Ndinkamva mawu awo kudzera pakhoma, mwana wanga akulankhula Chizungu chake cha kuntchito chosalala chija, mlendo akuti mm, mm. Mawu a mdzukulu sindinawamve n'kamodzi komwe. Ndinaganiza: uyu ndiye mwini chilolezo. Uyu ndi amene ndinayenera kutsanzika kwa iye tsiku lija, ndinangophonya khomo. Lero wabwera yekha m'nyumba mwanga, ine ndikhale kuseri ngati katundu wakuba? Komanso mlendo wakhala nthawi yonseyi popanda tiyi.

Ndinatuluka, ndinateleka ketulo, ndinabwera ndi thireyi. Mwana wanga anandiyang'ana ndi maso oti ndikupheni. Ndinakhala pampando, ndinakonza chitenje.

"Uwauze," ndinatero, "kuti munthu wamkulu wa m'kalata uja ndine. Masana mwanayu amakhala ndi ine. Kuwerenga sindidziwa, ngakhale chilembo chimodzi. Ngati chimenecho n'chifukwa chokanira, akane ndikumva."

Mwana wanga anamwetulira kwa mlendo n'kunena timawu tochepa tofewa. Ndinadziwa kuti wadula, poti zanga zinali zazitali.

"Uwauzenso kuti ine ndinakatsanzika kusukulu mwaulemu, ndipo anandiuza kuti ndiyende bwino. Kalata yawo yoti mwana wajomba ndi chipongwe. Ndipo milungu imene akhala akusunga pepala lathu m'kabati, mwanayu akusanza pamasitepe. Pepala silisanza. Lingadikire chaka. Mwana ndiye sangadikire."

Anatembenuzanso, mwachidule, akumwetulirabe. Mlendo anagwedeza mutu mwaulemu n'kutenga kapu.

"That's no whit she said."

Tonse tinatembenuka. Anali mdzukulu, pakona pa thebulo, maso ali pa mayi ake. Anati zimenezo si zimene agogo anena. Mwana amene milungu itatu sanatulutse liwu kwa mlendo aliyense.

Mayi wa kukhonsolo anaika kapu pansi. Anamufunsa kuti, nanga anena chiyani? Ndipo anadikira. Ichi ndimuyamikira mpaka lero: anadikira. Sanamumalizire mawu, sanayang'ane wotchi. Mdzukulu anayamba, liwu linakakamira, nkhope inachita kunjenjemera, linatuluka, linakakamiranso. Ananena zonse, za kusawerenga kwanga, za kutsanzika, za masitepe. Ndinadziwa kuti wafika pa pepala losasanza chifukwa mlendo anatseka pakamwa ndi dzanja, kaya kuseka kaya manyazi. Mwana wanga anali atayang'ana pansi.

Mlendo analankhula nthawi yaitali, ndipo ulendo uno mwana wanga anamasulira zonse, poti woyang'anira anali pomwepo. Anati lamulo silifuna kuti kholo kapena agogo akhale ndi satifiketi ya uphunzitsi, ngakhale ya mtundu uliwonse. Chimene iwo amayang'ana n'chakuti mwana akuphunzira zoyenera msinkhu wake ndi nzeru zake. Anati kulembamo agogo kukanathandiza, osati kuwononga. Kenaka anafunsa mdzukulu kuti masana amachita chiyani ndi ine.

Anamuuza, pang'onopang'ono. Zoti kusitolo ndimamupatsa iye kuti awerenge zolembedwa pamapaketi, poti ine sindingathe, ndipo akalakwitsa timabwera ndi mchere m'malo mwa shuga. Zoti tikuluka mphasa yaing'ono ndi mapepala apulasitiki, ndipo ayenera kuwerengera mizere kuti maluwa ake akumane. Zoti ndimamuyambira nkhani n'kuisiya pakati, iye amalize, ndipo akamaliza mopusa ndimamuuza kuti yapusa. Mlendo analemba zonsezo m'kabuku kake. Nkhani zanga za masana, zimene mwana wanga anachita nazo manyazi, zinalowa m'kabuku ka boma.

Ndinati, "Uwafunse kuti mawa mwanayu apitenso kusukulu?"

Yankho linali lakuti iye yekha sangapereke chilolezo pakamwa, chiyenera kusainidwa ndi akuluakulu ake, chibwere pakalata. Koma alankhula ndi asukulu za masiku otsalawo, ndipo afulumizitsa.

"Pakamwa pa anthu a kuno sipagwira ntchito?" ndinafunsa. "Aliyense akuti dikirani pepala. Nanga anapatsidwa pakamwa pa chiyani, podyera pokha?"

Mwana wanga anayang'ana mdzukulu, mdzukulu anayang'ana mayi ake. Anamasulira. Mlendo anaseka mpaka kutsokomola, anatenga mandasi awiri, napita.

Mwana anapitabe kusukulu masiku ena asanu ndi limodzi, m'mawa mokha. Ndinawawerenga ndi nyemba m'kambale, imodzi patsiku. Kenaka kalata inabwera, tsamba limodzi. Ndinati andiwerengere liwu ndi liwu. Inati khonsolo yavomera kuti mwana achotsedwe m'kaundula wa sukulu kuyambira tsiku lakutilakuti, ndipo azidzatilembera kamodzi pachaka kufunsa mmene maphunziro akuyendera. Pansi dzina la munthu amene sitinamuonepo.

"Basi?"

"Basi, amayi."

"Palibe poti muyende bwino?"

"Palibe."

Milungu yonseyo, masanzi onsewo, kuti tilandire pepala losadziwa n'kutsanzika komwe.

Mawa lake ndinati tonse atatu tivale, tikupita kusukulu. Mwana wanga anati palibe chifukwa, zonse zatha. Ndinati zatha kwa akhonsolo, kwa ine sizinathe: ndinamuuza mwanayu kuti tatsanzika, ndipo ndikufuna aone ndi maso ake kuti tsopano ndi zoona. Ahedi anatilandiranso, anapepesa chifukwa cha kusamvana kuja, ine ndinapepesanso chifukwa chogwedeza mutu pa zimene sindinamve. Ndinayambiranso mawu anga onse a tsiku loyamba, ndipo pofika pa liwu lija ndinauza mwana wanga kuti anene momveka: kunyumba ya ku Govanhill, pamwamba penipeni, chitseko chobiriwira. Mdzukulu anatsanzika yekha. Zinamutengera nthawi, ahedi anadikira.

Ndisanaimirire ndinapempha chinthu chimodzi: milungu itatu ija yolembedwa kuti wajomba, aifufute. Ahedi anati akumvetsa, alembapo mawu ofotokoza, koma masikuwo sangawasandutse kuti mwana analipo pamene kunalibe. Ndinati sindikupempha kuti alembe kuti analipo. Alembe kuti anatsanzika. Anati m'kaundula mulibe malo a mawu amenewo.

Mulibe malo. Ndiye mpaka lero, penapake m'kompyuta ya mzinda uno, mdzukulu wanga ndi mwana amene anajomba milungu itatu, ndipo ine ndikafika pamenepa mtima umawira ngati tsiku loyamba. Ndinapempha chitini changa cha mabisiketi, anakachipeza kuofesi muli mapensulo. Ndinawakhuthulira pathebulo n'kuchitenga.

Loweruka ndinachapanso yunifomu, ndinasita, ndinaika m'jumbo. Mdzukulu anati apita nane ku Gorbals. M'basi anandiwerengera mayina a misewu yonse mokweza, ena akukakamira, anthu akutiyang'ana, iye osasamala. Titafika anapereka jumbolo yekha kwa kamwana kaja.

Mnzanga anafunsa, "Ulendo uno ndi zenizeni, achemwali? Kapena ndisachotse m'jumbo?"

Ndisanatsegule pakamwa, mdzukulu anayankha, "Aye. Ch-chotsani."